Nambala 5 wamkulu ndani?

Magetsi atazima pa Kabwata Loweruka masana, makina a wometa anaima pakati pa mutu wa munthu. Mbali imodzi mpala, inayo tsitsi lili chilili. Mwini mutuwo sakanatha kutuluka wotero kukayenda mu Burma Road, choncho anangokhala pampando nsalu ili m'khosi, ife a pabenchi n'kumadikira naye. Amene anaputa nkhani ndi mnyamata wina wovala jezi ya Zanaco, maso ali pafoni.

"Mwa onse amene anatchingapo kumbuyo mu Zambia muno, palibe wofika pa Stoppila Sunzu. Wokana abweretse chikho chake pano tichione."

Kumapeto kwa benchi kunali mudala wa chipewa chakuda, amene amachokera ku Chelstone pafupi ndi bwalo la Nkoloma koma amametetsa kuno chifukwa anakulira kuno. Anapinda nyuzipepala yake mosafulumira.

"Iwe mwana, unabadwa chaka chanji?"

"1999, ba mudala."

"Ndiye tsegula makutu. Mu 1974 ku Egypt, kumbuyo kwathu kunali Dickson Makwaza wa Mufulira Wanderers, kaputeni, pamodzi ndi Dick Chama, msilikali. Makwaza ankamutcha waya waminga. Ukafuna kudutsa, unkasiyapo kabudula. Chama uja ndiye anali msana wa timu ya asilikali imene lero mukuti Green Buffaloes, ndipo inatenga ligi zaka zitatu zotsatizana, 1973, 1974 ndi 1975. Anthu amenewo ndiwo anatifikitsa koyamba pa fainolo ya Africa."

Mnyamatayo anakanda foni yake kamphindi, kenaka anamwetulira mwachipongwe.

"Pepani ba mudala, ndingofunsako. Waya wamingayo, Ndaye Mulamba anaudutsa bwanji kanayi?"

Benchi yonse inafa nacho chiseko, ngakhale wa theka la mutu uja. Funsolo linali lolasa, pakuti n'zoona. Fainolo ya ku Cairo inatha 2-2, anaibwereza patapita masiku awiri, Zaire n'kupambana 2-0, ndipo zigoli zonse zinayi za Zaire anamwetsa munthu mmodzi yemweyo. Koma mudalayo sanagwedezeke. Anati Ndaye chaka chimenecho anamwetsa zigoli 9 pampikisano umodzi, ndipo mpaka lero palibe amene wafikapo, ndiye amene analephera kumugwira si Makwaza yekha, ndi Africa yonse.

"Nanga munawaona ndi maso anu?" anafunsa wina.

"Chama ndinamuona kuno ku Lusaka. Mpira wa kunja tinkauonera m'makutu, pa wailesi, m'mawu a Dennis Liwewe. Ndipo tinkauona bwino kuposa inu a mafoni."

Pamenepa ndinaona kuti mkanganowu uli ndi vuto lake lake. Za omwetsa zigoli anthu amakangana atagwira manambala: wina akatchula Godfrey Chitalu ndi zigoli zake 107 za mu 1972, winayo amayenera kubweretsa nambala inanso. Wotchinga kumbuyo alibe zotere. Ntchito yake ili ngati ya mlonda wa pamsika, amene usiku umene wagwira bwino ntchito m'mawa mwake mulibe nkhani. Chigoli chimene sichinalowe palibe amene amachilemba m'buku, ndiye aliyense amangoikira kumbuyo munthu amene anamuona, kapena kumumva, ali mnyamata.

Bambo wa theka la mutu, wa zaka za m'ma 40, anatembenuka pampando nsalu ikukupiza.

"Nonse awiri mwalumpha anthu enieni. Harrison Chongo ndi Elijah Litana, 1994, ku Tunisia. Werengani nane. Sierra Leone, 0-0. Ivory Coast, tinawachinya chimodzi. Senegal, chimodzi. Mali, zinayi. Masewero anayi, James Phiri sanatolepo mpira muukonde ngakhale kamodzi. Ndipo timu imeneyo inali yongosonkhanitsa kumene, chaka chisanathe chichitikireni ngozi ya ndege ija. Pa fainolo, Rashidi Yekini wa Nigeria, amene ankaopedwa ndi Africa yonse, sanamwetse. Chongo anamuika m'thumba."

"Koma Amunike anamwetsa ziwiri," anatero mnyamata uja.

"Iwe ntchito yako n'kuwerenga zigoli za adani basi?"

Wometa, yemwe nthawi yonseyi ankapukuta makina ake ndi kaburashi, ndi munthu wa City of Lusaka, ndipo khoma lake lili ndi chithunzi chofwifwa cha bwalo la Woodlands. Iye analankhula osakweza mutu. Anati pali anthu amene sitingathe kuwaika pasikelo chifukwa sanamalize ntchito yawo: John Soko, Robert Watiyakeni, Whiteson Changwe, Samuel Chomba. Onsewa anali m'ndege ija imene inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville pa 27 Epulo 1993, mmene munafa anthu 30, osewera 18, ndipo agona pa Heroes' Acre pafupi ndi bwalo la Independence. Palibe amene anatsutsa. Mudala anavula chipewa, n'kuchibwezeranso.

Amene anabwezeretsa phokoso ndi bambo wina wonunkhira mafuta odula, amene galimoto lake linali kutsukidwa kuseri. Anati iye kwawo ku Kabulonga amaonera mpira wa ku England sabata iliyonse, ndipo kunena zoona onse amene tikuwatchulawa sangamange nsapato za Virgil van Dijk. Anamuyankha anthu atatu nthawi imodzi. Mawu amene ndinawagwira ndi a wometa: "Bwana, pano tikukamba maliro a m'mudzi mwathu, inu mukutiuza za ukwati wa kwa eni."

Kenaka mudala anachita chinthu chimene chinandisangalatsa. Anauza mnyamata uja kuti aike foni m'thumba, anene chinthu chimodzi chimene amakumbukira cha Sunzu.

"Penate yomaliza. 8-7. Pa 12 Febuluwale 2012, ku Libreville komweko."

"Nanga iwe, cha Litana?"

"Mutu uja, mphindi yachitatu, Nigeria isanadzuke n'komwe."

"Mwaona? Mukutama otchinga kumbuyo chifukwa cha tsiku limene anagwira ntchito ya anthu ena. Tsopano ndiuzeni, amene anaima pambali pa Sunzu usiku umenewo, mphindi 120, kulimbana ndi Drogba, anali ndani?"

Panadutsa kanthawi ndithu dzina la Hichani Himoonde lisanatuluke, ndipo amene analitchula si mnyamata wa jezi uja. Ine ndili kumbali ya mudalayu pamenepa. Mu 2012, kuyambira pa kotafainolo, Sudan, Ghana ndi Ivory Coast onse analephera kutichinya, ndipo khomalo linali la anthu awiri ochokera ku TP Mazembe, osati mmodzi. Sunzu anapita ku France, ku Sochaux ndi ku Lille, dzina lake n'kukula moyenera. Koma ikanakhala kuti penate yomaliza ija inagwera Himoonde, lero pa Kabwata tikanamakangana za dzina lina. Mukandikakamiza kusankha, ine ndipereka mpando kwa Chongo, chifukwa palibe chigoli chimene chimamunyamula m'makumbukiro a anthu, komabe anthu sanamuiwale.

Mayi wa kabokosi kotumizirapo ndalama, amene anali chimvetserere pawindo lake, anaponyamo lake.

"Inu abambo mumangodziwa zikho. Ine wanga ndi Joseph Musonda. Pa fainolo ya 2012 ija anavulala mpira utangoyamba, anatuluka akulira ngati mwana. Titapambana, kochi Renard anamunyamula m'manja kupita naye kwa anzake kuti akavine nawo. Kochi sanyamula munthu wamba."

"Amayi, kunyamulidwa si kutchinga," anatero mnyamata uja.

"Masewero oposa 100 atavala jezi ya dziko si kutchinga? Iwe wasewerapo angati?"

Pofuna kuthawa manyazi, mnyamatayo anasintha njira. Anati kunena zoona, chikho chija anatipatsa ndi Kennedy Mweene, amene anagwira penate ya Asamoah Gyan pa semifainolo, ndipo popanda iyeyo otchinga kumbuyo onsewa sitikanawatchula n'komwe. Goloboyi woposa Mweene, anatero, dziko lino silinakhalepo naye.

Wa theka la mutu anadumpha pampando, nsalu n'kugwa pansi.

"Efford Chabala unamumvapo iwe?"

Mudala anali atayamba kale kupindanso nyuzipepala yake.

"Nonse awiri khalani pansi. Mu 1974 pagolo panali Emmanuel Mwape."