Kamfuti ka m'chiuno kautsa mapokoso kwa Pembamoyo

Nkhaniyi inabadwira pa sikelo. Akuti venda wina wogula soya ndi nshawa anawerama kuti akweze thumba, shati n'kufunduka, ndipo kanthu kakuda kanaonekera m'chiuno mwake. Amene anali pafupi anali ochepa, koma dzuwa pomalowa aliyense kwa Pembamoyo anali atakaona ndi maso ake. Ku chigayo kanali pisitolo. Ku mjigo kanali katakulako pang'ono. Pofika pa nsolo, venda uja anali ndi mfuti ziwiri, ina mu sokosi. Mnyamata wa pabuthi ya Airtel Money, amene amamudziwa bwino mkuluyo, akulumbira kuti ndi pawabanki yotchajira foni basi, koma womumvera palibe, poti nkhani ya pawabanki sikoma m'kamwa.

Kuyambira apo, kulikonse kumene wapita ukupeza anthu akusankha mfuti. Za kugula sanafikeko, pakadali pano n'kusankha kokha. Akatswiri ake ndi anyamata a njinga zamoto amene amadikira makasitomala pansi pa mango. Wowatsogolera ndi mnzawo amene anakhalako ku Joni, ndipo iye akatsegula pakamwa ena onse amatsitsa nyimbo za m'mafoni. Akuti mfuti ndi Glock, zinazi n'zidole: yopangidwa ku Austria, thunthu lake lapulasitiki, yopepuka, ndipo Glock 19 imameza zipolopolo 15 za 9mm. Pamenepo sakunama ayi. Mnzake, poopa kuoneka mbuli, amaponyapo CZ 75 ya ku Czech, wina Taurus ya ku Brazil, wina Makarov ya ku Russia kaamba koti dzina lokhalo likuopsa. Amakangana mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, kenako wina akangoona munthu wa katundu akubwera poteropo, khoti lonse limabalalika kukalimbirana kasitomala.

Wowathira madzi ndi mdala wina amene anagwirapo ntchito ya ulonda ku Lusaka kwa nthawi yaitali. Amawasiya atokote, kenako amafunsa mofatsa: "Ana inu, munaigwirapo?" Onse zii. Iye akuti akanakhala wosankha akanatenga rivolova, ija ya kagudumu ka zipolopolo 6, chifukwa ilibe zambiri zoti uiwale mtima ukamagunda. Akatero amawauza zimene mafilimu sanena. Chitsulo chikaswera m'chiuno chimalemera ndipo chimanyula khungu. Thukuta la mu October limachichititsa dzimbiri. Fumbi la msewu wa ku Chadiza limalowa paliponse, ndiye chimafuna kupukuta ndi kudontheza mafuta kawirikawiri. Chimafunanso kachikwama kake kolimba kophimba pokhethemulira, osati kungochisomeka mu lamba wa thalauza n'kumadumpha nacho m'maenje pa njinga. Glock imene akuitamayo ilibe kabatani kokhomera pambali, ndiye chala kapena nsonga ya shati ikakola pokhethemulira, woyamba kulasidwa ndi mwiniwake. Malo olasidwawo mdalayo sawatchula, amangoloza ndi chibwano, anyamata onse n'kuphatikiza miyendo, amayi ogulitsa zitumbuwa n'kufa nalo phwete.

Amanenanso chinthu chimene ine ndikuona kuti n'chachikulu. Kamfuti kam'manja n'kovuta kulasira. Munthu wosazolowera akhoza kuphonya diramu masana dzuwa likuswa mtengo, nanji usiku, manja akunjenjemera, wakuba akusuntha. Ndipo chipolopolo chikaphonya sichibwerera. Chimapitirira mpaka chitapeza pomwe chaima, kaya ndi pa chipupa, pa mbuzi, kapena pa mwana wa eni amene wagona pamphasa kuseri kwa mpanda wa udzu.

Za malamulo zinabwera ndi aphunzitsi aakulu amene anapuma ntchito, ndipo iwo sayankhula asanakonze magalasi. Akuti m'Zambia muno mfuti sigulidwa ngati khasu. Pali lamulo lake, Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a dziko lino. Uyenera kukhala ndi zaka 21. Apa theka la anyamata a pansi pa mango linayang'ana kumbali. Umayamba ku polisi, kumene amafufuza mbiri yako ndi kukufunsa chifukwa chomveka chofunira mfutiyo, ndipo akhoza kukukana. Akavomera, laisensi yake ukatenga ku khonsolo, ndipo imakhala ndi nthawi yake yotha, n'kukaikonzetsanso. Zipolopolo sugula popanda kuonetsa mapepala. Laisensiyo ndi ya munthu mmodzi ndi mfuti yakeyo, kotero zoti atsibweni abwereke mphwawo kuti akaperekeze ng'ombe ku msika, ndiye kuti onse awiri akuitana unyolo. Wina anafunsa kuti nanga ija imabwera m'thumba la chimanga kuchokera kutsidya? Aphunzitsi anangoyankha kuti imeneyo mtengo wake weniweni amatchula ndi woweruza ku Chipata.

Anakumbutsanso kuti malamulo amalola munthu kudziteteza, koma ndi mphamvu yolingana ndi choopsa chimene chamugwera. Wakuba nkhuku amene wakupatsa kale msana, akuthawa, ukamuwombera mlandu wasanduka wako. Apa panabuka phokoso lalikulu, chifukwa anthu a nkhuku ndi mbuzi sanagwirizane nazo m'pang'ono pomwe. Ena anatchula zoti kuba moopseza ndi mfuti chilango chake chinali chingwe, mpaka pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachotsa chilango cha imfa mu December 2022, ndipo mkangano unakhotera ku ndale kwa kanthawi, monga zimakhalira.

Ataubweza, mayina awiri ndiwo anamveka. Loyamba ndi la Keith Mukata, amene anali phungu wa ku Chilanga, loya wodziwa malamulo bwino lomwe. Mu 2017 mlonda wake anafa ndi chipolopolo pa ofesi yake ku Lusaka, ndipo mu 2018 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Lachiwiri analitchula ndi mnyamata wa ku Joni yemwe uja: Oscar Pistorius, wothamanga wotchuka wa ku South Africa, amene pa 14 February 2013 anawombera chitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp, iye akuti ankayesa wakuba. Mnyamatayo anafotokozanso kuti ku South Africa lamulo la mu 2000 limafuna kuti uyambe waphunzira ndi kulandira satifiketi yoti ndiwe woyenera, ukhale ndi sefa yosungiramo, ndipo laisensi yodzitetezera imatha pa zaka 5. Atamaliza kufotokoza anakhala ngati Glock ija yamuzizirira yekha.

Pamene ena akuseka, ine pali pena pamene sindiseka, ndipo ndi pa mantha a anthuwa. Mantha amenewa si opeka. Kuno malire a Malawi ndi a Mozambique ali pafupi, ng'ombe ikatuluka m'khola pakati pa usiku, kukamacha yaponda dziko lina. Mlimi akagulitsa fodya kapena soya, thukuta la chaka chonse limakhala m'thumba limodzi la jekete, ndipo njira yobwerera kumudzi njaitali. Mtsikana wa m'buthi amatseka madzulo aliyense akudziwa chimene chili m'kachikwama kake. Polisi ili kutali, nthawi ya mvula mitsinje ikadzaza imatalikiratu. Munthu wotere akamalakalaka kanthu m'chiuno ndimamumvetsa, ndipo amene ali ndi chifukwa chenicheni, lamulo lamutsegulira khomo, adzere pomwepo.

Koma mafunso amene andigwira mtima kwambiri achokera kwa amayi, pa tsiku lawo loponya chilimba. Iwo za Glock kapena Taurus alibe nazo ntchito. Funso lawo n'limodzi: kadzagona kuti? M'nyumba za kuno mulibe pobisa chinthu mwana osachipeza. Mwana amene amadziwa pamene pabisidwa shuga ndi ndalama ya mchere, pansi pa pilo sipangamuvute. Mayi wina anangoti, "Nkhuyu zodya ana zinapota akulu," anzake n'kuvomera ndi mutu. Wina anawonjeza kuti wakuba amabwera mwa apo ndi apo, mwina osabwera n'komwe, koma kachasu amabwera Loweruka lililonse. Bambo amene akakhuta amaswa mbale ndi kuthamangitsa banja lonse kukagona kwa aneba, mukufuna mumuwonjezere chitsulo? Panali kuseka pang'ono, koma ena sanaseke, ndipo aliyense amadziwa chifukwa chake.

Amayiwa sanawerenge kafukufuku aliyense, koma alasa pomwe ophunzira analasa. Mu 1993 dokotala wina wa ku America, Arthur Kellermann, ndi anzake anasindikiza zimene anapeza mu New England Journal of Medicine: m'makomo mmene munkasungidwa mfuti, mpata woti munthu aphedwe m'nyumbamo unali waukulu pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo anali wachibale kapena wapamtima. America si kwa Pembamoyo, inde, koma nsanje, mowa ndi mkangano wa malire a munda tili nazo zokwanira. Ine pa nkhani imeneyi ndili kumbali ya amayi.

Ambuya athu, amene anaona zaka za m'ma 1980, nkhaniyi amaimvera atatembenukira kumbali. Iwo mfuti sanaionere mufilimu. Nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, a Renamo ankadumpha malire kulowa m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke, kulanda chakudya ndi ziweto, kugwira anthu, kupha. Mabanja ankagona kuthengo. Othawa nkhondo anadzaza kuno, ambiri n'kukakhazikidwa ku Ukwimi ku Petauke. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, koma mfuti sizinasaine nawo. Ambuya wina akuti panali nthawi imene AK-47 inkasinthanitsidwa ndi chimanga kapena zovala, ndipo zina mwa izo ndi zimene pambuyo pake zinkagogoda pa zitseko za magolosale usiku. Mdzukulu wawo atawafunsa kuti ikanakhalapo pisitolo m'nyumba nthawi imeneyo sikanathandiza, anamuyankha kuti: "Iwe, anthu khumi a mfuti zazikulu ukanawaloza ndi kachala kameneko? Tinapulumuka ndi miyendo."

Mkulu wa mpingo wina anatengerapo mwayi, ndipo nkhani yake njoona ngakhale anaitalikitsa. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba kulandira mfuti kwa anthu n'kumawapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo ankazidula, amisiri n'kuwotcherera zidutswazo kukhala ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezo, komanso mtengo wachitsulo wotchedwa Tree of Life, zinakafika ku British Museum ku London. Anthu atamva za njinga ndi malata makutu anaima. Bambo wina anafunsa mwachangu ngati gogodela wa malemu agogo ake, amene wakhala kudenga chimwalirire iwo, angawinenso njinga. Anzake anamufunsa kuti kodi ali ndi mapepala, iye n'kuyamba kukamba za mvula. Aphunzitsi anamukhazika mtima pansi kuti mayiko a mu African Union anagwirizana mu 2017 kuti mwezi wa September uzikhala wobweza mfuti zosavomerezeka popanda kuimbidwa mlandu, ndiye amvetsere wailesi, apolisi akalengeza akapereke mfutiyo. Za njinga sanamulonjeze.

Pasalephere a mankhwala. Pa kachasu pali gulu limene likuti zonsezi n'kutaya nthawi, munthu wokhwima chipolopolo chimamufika chitasanduka madzi. Aliyense wa iwo amadziwa munthu amene anatemera mphini zotere, koma munthuyo nthawi zonse amakhala wa kutali, mwina wa ku Tete, mwina anamwalira. Mdala wa ulonda uja atawapempha kuti mmodzi adzipereke ayesere ndi legeni yokha, onse anakumbukira kuti mankhwalawo ali ndi zizimba zake, sayesedwa masana.

Chikhalirecho mfuti palibe amene wagula, koma tinthu tina tasintha mwakachetechete. Alimi ambiri akuuza mavenda kuti ndalama aziponya pa foni, ndipo mkangano wasamukira pa yemwe alipire yochotsera. Opita ku Chadiza kapena ku Chipata ndi ndalama akumanyamukira limodzi, n'kubwerako kusanade. Anduna akumbutsa za gulu la achitetezo cha m'mudzi, limene limagwira ntchito ndi apolisi, kuti lidzuke, ndipo nyumba iliyonse isonkhe ya mawezulo ndi matochi. Wezulo utalira usiku wina, mudzi wonse unatuluka ndi zibonga, mipini ndi nkhwangwa, agogo ena atanyamula munsi, koma amene anaimbayo anali mwana amene anaupeza m'thumba la jekete la bambo ake. Amayi a chilimba m'mawa mwake sanafune ngakhale kuwonjezerapo mawu.

Amene wapindula kwenikweni ndi mayi wina wamasiye wa kumunsi kwa dambo, amene galu wake waswa posachedwapa. Tiana tonse tinalipiridwa tisanatsegule maso, kena ndi nkhuku, kena ndi ndowa ya chimanga. Anyamata a njinga zamoto afikanso kumeneko, ndipo agawikana pawiri: ena akuti kakuda ndiko kadzakhale kolusa, ena akuti kofiira ka makutu oima. Wa ku Joni uja akuti onsewo sangafike pa Boerboel.