Kabokosi Kabuluu pa Mzere wa Petulo

Mzere wa petulo ukatalika, malonda amabwera okha. Amayamba ndi a nthochi ndi madzi ozizira, kenako a zigubu, ndipo dzuwa likafika pamutu mumaona ngakhale ogulitsa mankhwala a galimoto. Tinali pa Biwi mu Lilongwe, kumene magalaja amachita kutsamirana, ndipo za thanka ya mafuta tinkangomva mphekesera kuti yadutsa pa Dedza. Mnyamata wina wa chikwama kumsana anaima pa Vitz imene inali kutsogolo kwanga n'kutulutsa kabokosi kabuluu kokwana m'dzanja, koonekera mkati, kali ndi kagalasi koonetsa manambala. Pambuyo pake anatulutsa mawaya asanu okhuthala, abuluunso.

"Bwana, ichi ndi voltage stabilizer. Waya wofiira ku positive, wakuda ku negative, basi mwatha. Galimoto imakoka ngati yangotsika kumene pa Songwe, mafuta imangonyambita. Mukatenga pamodzi ndi mawaya a earth awa ndikuchotserani mtengo."

Mwini Vitz, bambo wa tayi amene ankaoneka kuti wathawa ku ofesi, anakatembenuza kabokosiko n'kufunsa kuti kamagwira ntchito bwanji.

"Kunyumba furiji yanu mumailumikiza mwachindunji kukhoma? Si mumaika kaye choteteza? Nanga galimoto ya mamiliyoni muisiye pamtetete?"

Mnyamatayo malonda amawadziwa, chifukwa pa mzere wonsewo panalibe munthu amene sanalirepo TV kapena dikoda yopsa magetsi atabwera mwamphamvu. Asanamalize n'komwe, dalaivala wa Sienta yonyamula anthu anatulutsa mutu pawindo n'kuchitira umboni osafunsidwa. Anati iye anamangitsa zonse ziwiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo galimoto imalira kamodzin'kamodzi, mahedilaiti akuwala, pa mtunda sikutsamwanso.

Bambo wa tayi anali atayamba kupisa dzanja m'thumba pamene madala ena a ovolosi yothimbirira, amene anakhala pa boneti ya Corolla yakale akudya chinangwa, analankhula osadzuka.

"Achimwene a Sienta, tandilizirani galimotoyo pang'ono."

"Madala, mafuta ake ati? Geji ili pansi."

"Mphindi imodzi sikupherani banja."

Anthu ankawadziwa madalawo kuti ndi amagetsi a galimoto a pompo. Anatenga mita yawo m'galimoto, n'kumasula kaye waya mmodzi wa kabokosi ka pa Sientayo, n'kugunditsa nsonga ziwiri za mita pa batire. Injini isanalire mita inawerenga 12.5. Italira inakwera kufika 14.1. Anamuuza dalaivala kuti aponde mafuta. Injini inabangula koma nambala sinasunthe. Anayatsa mahedilaiti ndi fani, inatsika pang'ono kufika 13.9 n'kukhazikika pomwepo. Atabwezera waya wa kabokosi kaja n'kubwereza zonsezo, manambala anali omwewo.

"Mphwanga," anatero akuyang'ana mnyamata uja, "ukufuna kukhazika pansi munthu amene wakhala kale. Magetsi a kunyumba, a 230 aja, amachokera kutali, ku Nkula kapena ku Kapichira pa Shire, ndipo panjira amakumana ndi mphenzi, mitengo ndi ma transformer otopa. A galimoto amapangidwa pompa, mu alternator iyi, ndipo mkati mwake muli kale regulator. Ntchito yake ndi yomweyo ukugulitsayo. Uponde usaponde, imawagwira pakati pa 13.5 ndi 14.5. Timafunde totsala timamezedwa ndi batire."

Mnyamatayo anati kompyuta ya galimoto imafuna magetsi oyera kuposa pamenepo. Madala anavomera, koma anati opanga galimoto anaziganizira kale zimenezo. Kompyuta ya injini ili ndi regulator yakeyake imene imatsitsa magetsi kufika pa ma volt 5 n'kumapatsa ma sensor, kaya batire likuwerenga 12 kaya 14. Ndipo magetsi akatsika, imadziwa kuti ma injector achedwa kutseguka, ndiye imawonjezera kanthawi kuti petulo alowe wokwanira yemweyo.

Anati timabokosi totere atsegulapo tambiri, ndipo mkati mumapezeka ma capacitor angapo, fiyuzi ndi kagetsi kokongoletsa. Apa ndinawerengera ndekha chamumtima. Capacitor ya ma microfarad 10,000 pa ma volt 14 imasunga mphamvu pafupifupi joule imodzi. Batire wamba la 40 Ah limasunga ma joule oposa 1.7 miliyoni. Babu la hedilaiti la 55 watts lingamalize joule imodziyo munthu asanaphethire. Choncho kabokosiko n'zoona kamagwira ntchito ya capacitor, ndipo nthawi zina kamachepetsa kaphokoso kolira mu wailesi, koma injini sidziwa n'komwe kuti kalipo. Chokhacho chaphindu pa iko ndi kagalasi ka manambala kaja, chifukwa tsiku limene alternator idzafe kadzakuuzani musanagone panjira.

Malonda amenewa sanayambire pa Biwi. Ku Japan, kumene galimoto zathu zambiri zimachokera, makampani ogulitsa zokometsera galimoto akhala akupanga timabokosi ngati Pivot Raizin ndi mawaya a earth amitundumitundu, ndipo zokopera zake zadzaza m'misika ya mayiko ambiri. Ku America bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linayesa zipangizo zoposa 100 zimene ankati zimapulumutsa mafuta, ndipo silinapeze n'chimodzi chomwe chosintha zinthu kwenikweni. Kunabweranso kena kotchedwa Fuel Doctor, kongosomeka poyatsira ndudu, ndipo magazini ya Consumer Reports itakayesa inapeza kuti mafuta akutha chimodzimodzi. Mtengo wa petulo ukangokwera, kulikonse zinthu zoterezi zimamera.

Koma dalaivala wa Sienta sanagonje, ndipo sankanama.

"Madala, masamu anuwo ndamva. Koma ine galimoto ndimakhalamo tsiku lonse. Kale m'mawa inkalira mokoka, nthawi zina ana ankachita kundikankha. Lero ayi. Mukuti ndikulota?"

"Simukulota. Anakumangirani ndani?"

"Mnyamata wina ku Kawale."

"Asanamange anayamba wachita chiyani?"

Dalaivalayo anakanda m'mutu. Anati anamasula ma terminal onse awiri, omwe anali atachita ufa woyera ndi wobiriwira, n'kuwapala ndi sandipepa. Kenako anapeza kuti waya wakale wochoka pa batire kupita ku bodi unali utadyeka theka, bawuti yake ikugwedera, ndiye anapala chitsulo mpaka kuwala n'kumanga mwamphamvu.

"Ndiye mwamulipira chifukwa cha kabokosi," anatero madala, "koma wakuchizani ndi sandipepa."

Anthu anaseka, ndipo mnyamata wogulitsa uja anasekanso nawo, ngakhale mosafuna. Apa m'pamene madala anasiya chinangwa pa boneti, chifukwa nkhani ya mawaya anaitenga mosiyana ndi ya kabokosi. Anati earth si bodza ayi. Magetsi a galimoto amachoka pa positive kudzera m'mawaya, koma pobwerera amadzera mu chitsulo cha injini ndi bodi, ndipo zonsezo zimadalira mawaya awiri kapena atatu okha: wa batire kupita ku bodi, ndi wa injini kapena giyabokosi kupita ku bodi. Sitata ikamazungulira imakoka ma amp opitirira 100. Pa mphamvu yotereyo kadzimbiri kochepa kamakula. Kutsekeka kwa 0.01 ohm chabe, sitata ikukoka ma amp 150, kumadya ma volt 1.5, ndipo sitata imafooka ngati batire latha pamene batire lili bwinobwino. Anati anthu ambiri agulapo batire latsopano chifukwa cha bawuti imodzi.

Ndipo galimoto zathu zili ndi zifukwa zambiri zodwalira matenda amenewa. Zambiri zimafika pa doko la Dar es Salaam zitatha kale zaka khumi kapena kuposa, zina zochokera kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Zikafika kuno, mabampu amagwedeza mabawuti, otsuka amathira madzi mu injini, owongola bodi amapopera penti pomwe waya amayenera kugunda chitsulo. Choipitsitsa ndi posintha injini: makaniko amamanga zonse n'kuiwala waya wa earth uli lendelende kuseri. Magetsi amafunafuna njira ina, ndipo madala anati anaonapo waya wokokera mafuta utatentha mpaka pulasitiki yake kusungunuka. Zizindikiro zing'onozing'ono tonse timaziona usiku pa msewu: munthu akayatsa indiketa, getsi la mabuleki nalo n'kumaphethira.

Kuyeza kwake anatisonyeza pa Vitz ija. Nsonga imodzi ya mita pa mutu wa negative, ina pa chitsulo cha injini, wina n'kuliza galimoto. Ikawerenga kupitirira 0.2 kapena 0.3, earth yadwala. Ya bambo wa tayi inawerenga 0.1.

"Inu bwana, mawaya asanuwa mukawamanga boneti mkati mudzakongola, basi. Njira yanu ndi yotseguka kale. Ofunika mawaya okhuthala ndi anyamata oika ma amplifier aakulu aja, chifukwa iwo awonjezera katundu amene opanga galimoto sanamuwerengere."

Bamboyo anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu. Ine chimene ndinaona n'chakuti umboni wa dalaivala pa nkhani ya mafuta sakanatha kuutsimikizira ngakhale iye mwini. Kuti udziwe kamwedwe ka galimoto umadzaza thanki, kulemba makilomita, kuyenda, n'kudzazanso, ndipo uzibwereza kangapo pa msewu womwewo. Iye amathira malita asanu pano, atatu m'chigubu uko, lero anthu 7 mawa 10 ndi matumba a makala pamwamba. Komanso munthu akalipira chinthu chopulumutsa mafuta, phazi limapepuka lokha kwa masabata angapo.

Mnyamata uja sanataye mtima. Anadumpha galimoto ziwiri n'kufika pa mayi wina wa Toyota Aqua, n'kuwapempha kuti atsegule boneti awasonyeze pomanga. Anasuzumira kumanja, kumanzere, batire osaliona.

"Lili pansi pa mpando wakumbuyo," mayiwo anatero akusewera ndi foni.

Madala anakuwa ali kutali kuti Aqua ilibe n'komwe alternator. Magetsi a ma volt 12 amachokera ku batire lalikulu la ma volt 144 kudzera mu converter. Anawonjezeranso chenjezo kwa onse a galimoto zatsopanoko, makamaka zozima zokha zikaima pa maloboti: zambiri zili ndi sensor pa negative imene imawerenga magetsi olowa ndi otuluka. Mukamanga mawaya owonjezera molunjika pa mutu wa batire, magetsi ena amailambalala, kompyuta n'kumawerengera zolakwika, batire n'kumatchajidwa molakwika.

Dalaivala wa Sienta anali atakhala chete kwa kanthawi. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti nanga ngati si magetsi, n'chifukwa chiyani injini ya 1.5 ikumwa chonchi. Madala anafunsa za mpweya wa matayala, mapulagi ndi sefa ya mpweya, iye n'kumayankha mozemba. Atafunsa za thermostat, dalaivalayo anatsegula kabati ya kutsogolo n'kuitulutsa, itakulungidwa m'nyuzipepala.

"Makaniko wanga anachotsa. Akuti n'za mayiko ozizira, kuno imangotenthetsa injini."

Madala anapukusa mutu. Anati kachitsulo kameneko kamatseguka madzi akafika cha m'ma digiri 82, ndipo kakachotsedwa injini imachedwa kutentha, m'mawa wa June mwina osafika n'komwe pamene imafunika. Kompyuta ikaona kuti injini ikuzizira imathira petulo wambiri, ndipo imachita zimenezo ulendo wonse. Anaitembenuza thermostat ija n'kunena kuti yafa kale, pafunika ina.

"Ikuyenda pa zingati masiku ano?" anafunsa dalaivala.

Madala asanayankhe, mnyamata wa chikwama uja anali atafika kale, foni ili m'manja.

"Abigi, musavutike. Mchimwene wanga ali ndi shopu ku Malangalanga, za Sienta ali nazo, zoyambirira zenizeni. Ndimuimbire abweretse pa njinga?"