Buku la Makilogalamu Awiri

Ku Petauke buku siligulidwa ndi maso, limagulidwa ndi dzanja. Munthu akafika pamene mnyamata wayala mabuku pa saka pafupi ndi msika, sayamba ndi kutsegula. Amalinyamula, kulikweza, kulitsitsa, monga achitira ndi nkhuku ya pa Khirisimasi, kenako n'kugwedeza mutu. Likalemera ndiye kuti muli nzeru. Likapepuka amalibweza pansi pang'onopang'ono, kuopa kunyoza mlembi pagulu.

Mnyamatayo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mabuku onenepa amakhala kutsogolo, timapepala ta mayeso akale kumbuyo, totsamiritsidwa ndi mwala. Sanawerengepo ngakhale limodzi, koma mbiri ya lililonse ali nayo pakamwa, ndipo mbiriyo ndi imodzi: lachokera kunja. Ngakhale lija lokhala ndi chidindo cha laibulale ya sukulu ina pa tsamba loyamba, chidindo chimene wina anayesa kufufuta ndi malovu mpaka pepala linabooka, nalonso lachokera kunja. Mukamuloza chidindocho sadodoma.

"Ndiye umboni wake umenewo, bwana. Feki sadinda."

Malonda amatentha mu Januwale masukulu akamatsegulira, ndiponso alimi akalandira ndalama za chimanga, nshawa ndi soya. Apa m'pamene mumaona bambo wa kumudzi atatsika pa njinga, ndalama zili m'sokosi, kapepala kali m'thumba la malaya. Pa kapepalapo mwana wake wa giredi 12 walembapo mawu amodzi okha.

"Mwana wanga, muli nalo buku la ichi?"

"Abambo, mwafika pamalo pake. Ili ndi Abbott. Madokotala onse amene mumawamva ku Lusaka anadutsa m'menemu."

Apa, mwangozi, mnyamatayo sananame kwambiri. Ordinary Level Physics ya A. F. Abbott inatuluka koyamba mu 1963, dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo yaphunzitsa mibadwo. Fizikisi sivunda. Malamulo amene Isaac Newton anasindikiza mu 1687 akugwirabe ntchito ku Minga ndi ku Kacholola, ndipo mwala ukaponyedwa m'mwamba umabwererabe pansi, kaya boma lasintha kangati. Chimene chimasintha ndi zimene a Examinations Council of Zambia amafuna kuti mwana alembe, ndipo mwanayo ankafuna kabuku kopyapyala kaja ka mafunso ndi mayankho. Koma bambo amene wakolola matumba ake sangapite kunyumba ndi kabuku kolowa m'thumba la malaya. Anthu angati chaka chino sizinayende.

Ndiye pamabwera nkhani ya mtengo. Kuchikuto kuli kapepala kakale kolembedwa K45,000. Bambo uja amabwerera m'mbuyo, dzanja lili pamtima.

"Musaope, abambo. Umenewo ndi mtengo wake weniweni. Koma poti ndinu kholo, ine ndikupatsani pa K150 chabe."

Bamboyo amathokoza ndi manja awiri. Palibe amene amamukumbutsa kuti mu Januwale 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, moti K45,000 yakaleyo ndi K45 ya lero. Anthu oimirira pambali amadziwa, koma mwambo wa pamsika ndi wakuti sulowerera malonda a mnzako. Komabe bamboyo amayenera kudandaula pang'ono, kunamizira kuchoka, kuitanidwanso, kenako kupempha mbasela. Mbasela yake ndi kabuku ka matebulo a malogarithm, kamene mwana wa masiku ano, wokhala ndi kakyuleta, amakayang'ana osadziwa kuti kumutu n'kuti.

Pa saka limeneli sipasowa ahedi opuma pantchito. Sabwera kudzagula. Amabwera kudzayendera. Amafika ndi tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, amatsegula buku lililonse, kulinunkhiza, n'kulengeza kuti mabuku a masiku ano ndi zithunzi zokhazokha. Kunyumba kwawo kuli atilasi imene amailemekeza kuposa mlendo. M'menemo kumpoto kwathu kudakali Zaire, dzina limene linatha mu 1997. Soviet Union, imene inagawikana mu 1991, idakali yathunthu kuchokera ku Europe mpaka kunyanja ya Pacific. Sudan ndi imodzi. Zambia ili ndi zigawo 9, chifukwa Muchinga inabwera mu 2011. Ali nayonso ina yakale kwambiri, yomwe imati msewu wathu waukuluwu ukadutsa Katete umakafika ku Fort Jameson, osati ku Chipata. Imeneyo saibwereketsa.

Nkhondo imabuka mdzukulu akabwera ndi homuweki.

"Asikulu, mapulaneti ndi angati?"

"Naini. Lemba."

"Koma aphunzitsi anati ndi eyiti. Akuti Pluto anamuchotsa."

"Anamuchotsa ndani?"

Mdzukuluyo amafotokoza zimene anamva, ndipo n'zoona: mu 2006 akatswiri a zakuthambo anakumana ku Prague n'kugwirizana kuti Pluto sakukwanira kutchedwa pulaneti yeniyeni. Ahedi amavula magalasi.

"Iye mwini analipo pamsonkhanopo? Ngakhale kwa mfumu Kalindawalo munthu saweruzidwa palibe. Lemba naini."

Mwanayo amalemba eyiti m'kope ya kusukulu, naini pa kapepala koonetsa asikulu. Umo ndi mmene ana a m'tauni muno amaphunzirira ndale.

Mfumu ya mabuku onse ndi insaikulopediya. Britannica yomaliza kusindikizidwa inali ya mavoliyumu 32, ndipo mu 2012 eni ake analengeza kuti asiya kuisindikiza papepala. Kuyambira nthawi imeneyo nyumba za kunja zakhala zikupungula mashelefu, ndipo zina mwa zopungulazo zimafika kuno. Vuto n'lakuti sizifika pamodzi. Zimabwera imodziimodzi, ndipo zimagulidwanso imodziimodzi. World Book imagawa mavoliyumu ake motsatira zilembo, ndiye mumapeza bambo wina m'komboni ali ndi voliyumu ya M yokha. Munthu ameneyu musamuyambe pa za Madagascar, Mars, Mozart kapena Mussolini. Pamaliro, amuna akakhala pamoto usiku, amadikira mpata. Wina akangotchula za mtengo wa feteleza, iye amatsokomola.

"Zimenezi zikundikumbutsa za ku Mongolia."

Mukamufunsa za Nigeria amayang'ana wotchi, n'kunena kuti kunyumba akumudikira. Voliyumu ya N ili kwa mlamu wake, ndipo sayankhulana chiyambire mlandu wa ng'ombe.

Ambiri mwa mabuku akuluwa sawerengedwa n'komwe, ndipo sanagulidwire zimenezo. Malo awo ndi m'kabati ya magalasi pabalaza, pakati pa mbale za alendo ndi chithunzi cha ukwati, misana yagolide itayang'ana kukhomo kuti ankhoswe akabwera adziwe kuti afika pa banja la sukulu. Kiyi amasunga ndi amayi. Mwana akapempha dikishonale yaikulu ya Oxford kuti aone tanthauzo la mawu, yankho limakhala lokonzeka kale: "Ungaidetse. Kafunse anzako." Patapita zaka, tsiku losamuka, m'pamene zimadziwika kuti m'nyumbamo munali wowerenga mmodzi wakhama. Chiswe chinayamba pa A, ndipo chinafika pa Z osadumpha tsamba.

Buku limene limawerengedwadi silifika m'kabati. Ndi lija lofotokopedwa pa kantemba, kapena losindikizidwanso mobera kwinakwake pa pepala lopyapyala, lokhala ndi chikuto chowala kuposa cha eni ake. Mnyamata wa pa saka amalitcha "orijino namba thu". Mkati mwake zilembo zimapendekeka, tsamba 84 limatsatidwa ndi 117, ndipo mutu wina umabwera kawiri, mwina pofuna kupepesa. Chithunzi cha mtima ndicho chimamvetsa chisoni. M'buku lenileni mitsempha ina imajambulidwa yofiira, ina yabuluu, kuti mwana asiyanitse magazi okhala ndi okosijeni wambiri ndi amene akubwerera kukatenga wina kumapapo. M'fotokope zonse n'zakuda bii, koma mawu a pansi pake akuumirirabe kuti tsatirani mzere wofiira. Ana amatsatira mwa chikhulupiriro.

Ndipo amakhoza nalo, tisabise. Mlembi sapezapo ngakhale ngwee, ndipo kumeneko ndi kuba, tingakutchule dzina lokoma bwanji. Koma kholo likaika buku latsopano mbali ino, mbewu ndi feteleza mbali inayo, sikelo yake imadziwika kumene imagwera. Boma linachotsa malipiro a sukulu mu 2022, makalasi anadzaza, koma buku limodzi likugawanidwabe ndi ana a benchi lonse. Choncho kabuku kothothoka kaja kamayenda nyumba ndi nyumba, kamagona pansi pa pilo, kamawerengedwa ndi tochi ya foni magetsi akathima. Mwa mabuku a bayoloje, akale ngati la D. G. Mackean ngakhalenso ofotokopa, mungadziwe mutu umene ana amaukonda osafunsa aliyense. Ingoliikani patebulo. Limatseguka lokha pa mutu wa za kubereka, masamba ake atada ndi zala, pamene mutu wa za ndere ndi bowa uli mbee.

Ku Nyimba malonda ake ndi a liwiro. Basi yochokera ku Chipata ikaima, mazenera onse amadzaza nthochi, ndipo pakati pa nthochizo nthawi zina pamatulukira dzanja lonyamula buku. Nthawi yoyeza kulemera palibe. Woyendetsa waliza kale hutala, kondakitala akumenya chitseko, ndalama yatuluka pazenera, buku lalowa, chenji chikuthamangira basi. Akafika ku Kacholola m'pamene bambo wa jekete amatsegula chuma chake n'kupeza kuti kemisitiri yake ndi ya Chipwitikizi, yolowa kuchokera ku Mozambique kuseri kwa malire kuno. Kutseka sangatseke, chifukwa basi yonse inamuona akugula. Amakwinya nkhope, kunyowetsa chala, kutembenuza tsamba, mpaka pa mlatho wa Luangwa. Mayi wokhala naye pampando, atasuzumira kwa nthawi, amalephera kupirira.

"Abambo, Chizungu chimenechi n'chamtundu wanji?"

"N'cha sayansi, amayi. N'chozama."

Woopsa kuposa onsewa ndi amene wagula buku la mankhwala. Where There Is No Doctor la David Werner, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1977, ndi buku labwino, ndipo lathandiza anthu ambiri okhala kutali ndi chipatala. Koma amene waligula pa saka amakhala kuseri kwa mpanda wa chipatala. Pakangotha sabata anthu amayamba kumutcha adokotala, iye osakana. Ukamuuza kuti mutu ukuwawa amatsegula tsamba, kukuyang'ana m'maso, kuyang'ananso tsamba, n'kupuma mozama. Ngati kope yake ndi yakale amakulangiza kolorokwini, mankhwala amene Zambia inawasiya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 malungo atayamba kuwaderera, n'kutenga Coartem. Ukamuuza zimenezo amatseka bukulo mwamphamvu. Wakwiya m'malo mwa mlembi.

Za kubwerekana sitinganene zambiri. Buku limabwerekedwa "mpaka Lachisanu", osatchula Lachisanu la mwezi uti. Mwini akalilondola amauzidwa kuti lili kwa mwana wa alongo awo ku Sinda. Pakapita zaka ziwiri amalipeza pa saka lomwe lija, dzina lake lili mkati, ndipo mnyamata amamutsimikizira kuti lachokera kunja.

Buku likathothoka chikuto, masamba oyamba n'kutayika, limatsika mtengo mpaka kufika kwa ogula omaliza, amene kunena zoona ndi okhawo amene amayang'anitsitsa pepala asanalipire. Akuluakulu opichira fodya wa balani amafuna dikishonale, chifukwa pepala lake n'lopyapyala ndipo limapsa bwino. Amayi a vitumbuwa safuna atilasi, chifukwa pepala lonyezimira silimwa mafuta. Iwo amasankha mabuku akale a pepala lokhakhala, ndipo amalipima tsamba pakati pa zala ziwiri mosamala kuposa mmene ahedi amachitira.

"Amama, tengani ili la jogalafe. Lili ndi zithunzi."

"Iyayi mwanawe, la zithunzi limaterera. Ndipatse la kemisitiri ngati lija la mwezi watha. Linandikwanira mpaka pa malipiro, ndipo palibe kasitomala anadandaula."