Matenda a pampu ya pakhomo, ndi a mwini wake

Pampu ya pachitsime cha pakhomo ndi makina a magetsi amene amatenga madzi pansi pa nthaka n'kuwakweza m'thanki ya pansanja, ndipo kuchoka apo madziwo amatsika okha kupita kumipope ya m'nyumba. Ntchito yake yachiwiri, imene salemba pakatoni, ndi kukweza mapewa a mwini wake. Mwininyumba amene watengedwa ngati chitsanzo m'nkhani ino, yemwenso ndi mlembi wake, amakhala kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Tsiku limene anaika pampu yake analengeza kwa anansi onse kuti iye ndi ndowa asiyana mpaka kalekale. Lero ali ndi ndowa zinayi ndi chigubu chobwereka.

Mapampu amenewa alipo a mitundu iwiri. Ina imamizidwa m'madzi momwemo n'kumawakankhira kumwamba, ndipo amisiri amaitchula kuti submersible. Ina imakhala kumtunda, pambali pa chitsime, n'kumayamwa madzi kudzera m'paipi. Yoyamwayi ili ndi malire amene sasuntha ngakhale munthu atapemphera, chifukwa chimene chimakweza madzi m'paipimo ndi kulemera kwa mpweya umene umapsinja madzi a m'chitsime. Ngakhale m'mphepete mwa nyanja yamchere, mpweyawo sungawakweze kupitirira mamita 10, ndipo pantchito yeniyeni pampu imatopa pa mamita 7 kapena 8. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, kumene mpweya ndi wopepukirako, choncho malirewo amachepanso ndi pafupifupi mita imodzi. Mwininyumba uja anasankha yoyamwa chifukwa inali yotchipa, koma kwa anthu amanena kuti anafufuza kaye.

Mphamvu ya madzi pampope, imene ambiri amangoti puresha, siichokera ku pampu ngati panyumba pali thanki ya pansanja. Imachokera ku kutalika kwa nsanjayo. Madzi otsika mamita 10 amapereka puresha ya pafupifupi bar imodzi. Thanki ikakhala pansanja ya mamita 4, shawa n'kukhala mamita 2 kuchokera pansi, otsala ndi mamita 2 ndi kanthu pang'ono, kutanthauza 0.2 bar kapena kupitirirako pang'ono. Imeneyo ndi shawa yonyowetsa munthu mwaulemu, ngati ikupepesa. Pampu ntchito yake imathera pakamwa pa thanki. Izi zikutanthauza kuti madzi akayamba kutuluka mofooka, funso loyamba ndi limodzi lokha: kodi m'thanki muli madzi? Ngati yadzaza, vuto lili pakati pa thanki ndi mpope. Ngati ilibe kanthu, ndiye pampu ndi chitsime zili ndi mlandu woyankha.

Kuti funsoli liyankhidwe pamafunika makwerero ndi mtima pang'ono, kapena kungogogoda m'mbali mwa thanki ndi nsungwi n'kumvetsera. Mwininyumba uja makwerero ali nawo. Loweruka lina m'mwezi wa October, madzi a kubafa atayamba kutuluka ngati misozi ya munthu amene sakumudziwa malemu, akazi ake anafunsa ali chiimire ndi mphika m'manja: "Kodi abambo, m'thankimo mwasuzumiramo?" Iye anayang'ana nsanja, n'kuyang'ananso pansi pamene akanagwera, ndipo anayankha kuti: "Amayi, izi ndi za magetsi, simungazimvetse." Mayiwo anabwerera kukhitchini osanena kanthu, zimene m'banja la zaka zambiri zimakhala chenjezo.

Thanki ikapezeka yodzaza, zofufuza ndi zochepa ndipo sizidya ndalama. Pansi pa thanki pamakhala valavu yotsegula ndi kutseka madzi, ndipo mwina wina waitseka pang'ono. Kukamwa kwa mipope ina kumakhala kasefa kamene kamadzaza mchenga, timabowo ta shawa timatsekeka ndi zoyera zokhala ngati laimu, ndipo mapaipi akale achitsulo amachita dzimbiri m'kati mpaka njira kutsala ngati ya pensulo. Zonsezi zimatenga theka la ola. Mwininyumba anazidumpha, poona kuti ndi ntchito zosayenera munthu amene wagula kale sipanala yatsopano.

Iye anathamangira ku pampu, n'kuipeza ili zii. Pampu ikakhala chete, choyamba ndi kuona ngati magetsi alipo, ngati mayunitsi sanathe, ndiponso ngati breaker sinagwe. Magetsi a m'nyumba m'Malawi ndi a mavoti 230, ndipo akabwera ofooka mota imatha kung'ung'udza osazungulira. Imachitanso chimodzimodzi capacitor ikafa, kachitini kaja kamene kamaipatsa mphamvu yoyambira. Chizindikiro chake ndi kung'ung'udzako. Koma pali chifukwa china, chosalakwa konse, chimene chimakhalitsa pampu chete: m'mathanki ambiri mumakhala kaswitchi koyandama kamene kamazimitsa pampu madzi akadzaza. Pampu yotere siidwala. Imakhala ikupuma, poti ntchito yatha.

Ya mwininyumba sinkang'ung'udza, koma iye anagamula kuti ndi capacitor, makamaka chifukwa mawuwo amamveka bwino akamatchulidwa pagulu. Anakwera minibasi mpaka ku Malangalanga, anagula yatsopano, n'kubwera nayo m'thumba la malaya kuti aliyense aione. Mabuku amachenjeza kuti capacitor imasunga moto ngakhale magetsi atazimitsidwa. Chenjezoli ndi loona. Analitsimikiza ndi chala chapakati cha dzanja lamanja, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa pake anachititsa ana kulowetsedwa m'nyumba. Pampu inakhalabe zii.

Gawo lotsatira ndi la paipi yoyamwa, ndipo apa ndi pamene pali nkhani. Pampu ya kumtunda siitha kuyamwa mpweya. Imafuna kuti iyo ndi paipi yonse zikhale zodzaza madzi isanayambe. Amene amasunga madziwo ndi foot valve, valavu ya kumapeto kwa paipi pansi pa chitsime, imene imalola madzi kukwera koma osabwerera. Mukalowa kamwala kapena mphira wake akatha, madzi amabwerera m'chitsime usiku, m'mawa pampu n'kumalira popanda chotuluka. Polumikizira paipi pakakhala kampata, ngakhale kosaoneka ndi maso, mpweya umalowa ndipo madzi amatuluka mokhosomola. Mankhwala ake ndi kutsuka kapena kusintha valavuyo, kumanganso polumikizira ndi tepi yoyera ya mapaipi osati legeni ndi jumbo, kenako kutsegula kachitsekerero ka pamwamba pa pampu n'kuthiramo madzi mpaka atasefukira.

Za foot valve mwininyumba anazimva pafoni kwa alamu ake, amene ndi dalaivala. Lamulungu masana, atavula malaya, anazula paipi yonse m'chitsime. Valavu inapezeka yabwinobwino, yoyera ngati yogula dzulo. Madzi onse amene inasunga mokhulupirika anatayikira pa nsapato zake. Pobwezera paipiyo, sipanala yatsopano ija inaterereka, ndipo patapita kamphindi panamveka phava kuchokera pansi. Kulowa m'chitsime kukatola chinthu n'koletsedwa, chifukwa pansi pa zitsime pamatha kukhala mpweya woipa umene umakomola munthu asanakuwe n'komwe. Lamulo ili lokha ndi limene mwininyumba analitsata popanda kukakamizidwa.

Paipi ikakhala kunja, ndi nthawi yabwino yoyeza madzi ndi chingwe chomangirira mwala. Madzi a pansi pa nthaka amatsika pang'onopang'ono m'chilimwe chonse ndipo amafika pansi penipeni cha m'ma October ndi November, mvula isanayambe. Akatsika kupitirira foot valve, kapena kupitirira malire aja a kuyamwa, pampu yabwino imaoneka ngati yakufa. M'chitsime cha mwininyumba madzi anali pa mamita 5. Chinali chosalakwa.

Chotsala chinali kukakamiza. Iye anadumphitsa kaswitchi koyandama ndi waya, pampu n'kulira. Anaitana banja lonse kuti lidzaone, ataiwala kuthiramo madzi aja. Pampu yozungulira youma imatentha msanga, chifukwa madzi omwewo ndi amene amaziziritsa seal, kamphete kotchinga madzi pamene chitsulo chozungulira chimalowera m'pampu. Akatentha amang'aluka, ndipo zam'kati zapulasitiki zimapindika. Anaisiya ikulira nthawi yonse imene ankafotokozera ana ubwino wa sukulu. Amene anayamba kumva fungo anali mwana wamng'ono.

Masiku otsatira banja linabwerera ku mjigo wa m'dera. Mjigowo ndi wa mtundu wa Afridev, umene chiyambi chake chili m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Umakweza madzi kuchokera pa mamita ofika 45, ndipo unapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusintha okha timphira take ndi zida zochepa. Amene amaukonza kumeneko ndi amayi awiri a m'komiti. Mwininyumba anaima pamzere ndi chigubu, ndipo m'mawa uliwonse ankalandira moni wa "Mwadzuka bwanji, a injiniya?" Moniwo unkaperekedwa ndi maondo opinda ndi nkhope zosaseka, ndipo ndi chifukwa chake unkawawa.

Pulambala anaitanidwa Lachinayi, ndi akazi a mwininyumba. Anali mnyamata wa panjinga, wokhala ndi kachikwama kamodzi. Pampu sanaiyang'ane n'komwe. Anakwera makwerero, anatsegula chivundikiro, n'kufuula ali pamwamba: "Bwana, thanki ili thoo!" Malita 2,000, olemera matani awiri, anakhala pamwamba pa mutu wa mwininyumba sabata yonse. Atatsika anagwira valavu ya pansi pa thanki, anaizunguza kanayi, ndipo shawa inamveka kuchokera panja. "Anatseka apa ndani?" anafunsa. Kafukufuku wachidule anaonetsa kuti valavuyo inatsekedwa mpaka kutsala pang'ono sabata imene apongozi anabwera ndi adzukulu asanu, ndipo anaitseka usiku, mwakachetechete, ndi munthu wofuna kupulumutsa mayunitsi. Mayi a m'nyumba anangoti "Oho," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Pampu yopsa seal imakonzeka. Amaimasula, amachotsa chopalasa madzi cha m'kati, amaika seal yatsopano ya saizi yomweyo, ndipo ngati mawaya a mota sanapse imabwerera pantchito tsiku lomwelo, itathiridwa madzi kaye. Ya mwininyumba ikudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Madzi a m'thanki anatha Lolemba, capacitor yakale ili pawindo ndipo ndi yamoyo, ndipo sipanala imaoneka pansi pa chitsime masana dzuwa likakhala pamutu.