Ulemu kwa Bwana Wobisala M'mwala

Oweta nsomba za m'nyanja yamchere m'mathanki agalasi ndi anthu osayamika. Amagula miyala ya live rock yochokera ku Indonesia kapena ku Florida kuti mabakiteriya ake aziyeretsa madzi. Wogulitsa amawalipiritsa mwala wokha, koma m'mphako zake mumakhala mbasela: tinkhanu, tinkhono, ndiponso mfumu ya onsewo, a mantis shrimp. M'malo movina, eni thanki amathamangira kutchera misampha ya mabotolo.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Awa amadza ndi nyundo ziwiri zopinda pachifuwa. Mu 2004, wasayansi Sheila Patek ndi anzake ku yunivesite ya ku Berkeley anayeza nkhonya ya mtundu wa peacock, napeza kuti imathamanga mpaka mamita 23 pa sekondi, m'madzi momwemo. Liwirolo limabala thovu lomwe pophulika limamenyanso pomwepo. Kuponya kamodzi, kupweteka kawiri. Kuwolowa manja kwina kuposa apa kulipo?

Kuwazindikira sikuvuta, chifukwa bwanawa sadya mobisa. Magetsi akazima mumamva kuti kha! kha! kha! motsatizana, kusiyana ndi pistol shrimp, wa chipanira chimodzi chachikulu, yemwe amangoti tha! n'kupuma. Kukacha, zigoba zoswekasweka zili mbwee pakhomo la mphako, ndipo timaso tiwiri ta pamapesi, kalikonse kakuyendera yakeyake, tikukusuzumirani. Masowo ali ndi mitundu 12 ya maselo ozindikira utoto, pomwe anu ali ndi 3 yokha, ndiye musadzivute kubisala.

Alendo anzawo ndi achabechabe. Nkhanu yaubweya ya zipanira zakuda kunsonga ndi mbava wamba. Nkhono ya vermetid imangodzimata pamwala n'kumaponya ulusi wa mamina pamakorali. Stomatella ndi wantchito wofatsa wongoseteka ndere. Koma bwanawa amakupeputsirani udindo: nkhono zonse zimene munagula kuti zizikolopa galasi amazisamalira okha, imodziimodzi, mpaka simusowanso kuziwerenga. Mukapisa chala kuti muwatulutse, amakupatsani moni wotuluka magazi.

Mapeto ake, oweta ambiri amagonja. Amanyamula mwala wonse, mwini wake ali momwemo, n'kuugulira thanki yakeyake, ndi kumaperekera chakudya pakamtengo mwaulemu. Pakati pa nsomba zogula ndi ndalama zija, ndi zingati zinamangiridwapo nyumba?