Fulumira wa miyendo inayi

Akuluakulu adati fulumira adadya gaga. Amene adayamba mwambiwu ayenera kuti sadawetepo ng'ombe ya mkaka, pakuti ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu, Fulumira amagona m'khola lofolera bwino, ndipo gagayo mwini khola amachita kukamugulira kuchigayo ndi ndalama zake.

Ng'ombe imadya mwaphuma zedi. Mano akutsogolo akumwamba ilibe, choncho imangokulunga nsenjere ndi lilime, kudula, kutafuna mwamwambo chabe, n'kumeza. Udzuwo umagwera m'chifu chachikulu, chija mumalimbirana pachiwaya, chimene mwa ng'ombe yaikulu chimasunga malita oposa 100. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso miyandamiyanda, tomwe timasasitsa udzu umene mimba ya munthu singauthe. Ng'ombe ndi landilodi: imapereka nyumba yofunda, alendiwo amalipira mphamvu zomwe zimasanduka mkaka ndi nyama. Kusiyana kwake ndi malandilodi a m'tauni n'kwakuti alendi akatsetserekera m'chipinda chachinayi cha mimba yake, ng'ombe imawagaya iwo omwe. Ena mwa athuwa akungosowa chifu chotere.

Ikakhuta imagona pansi, n'kubweza zomwe inameza zija pang'onopang'ono, n'kumabzikula maola pafupifupi 8 pa tsiku, uku ikuthira malovu malita oposa 100 kuti chifu chisawawase. Ikamezanso, chipinda chachiwiri chimasankha zosalala, chachitatu chimafinya madzi, chachinayi n'kumaliza ntchito monga chimachitira chathuchi. Imageyanso mpweya wa methane mosachita manyazi, ndipo ikalephera kugeya mimba imatupa kumanzere mpaka kufa nayo. Pa gaga pokha makolo adalasa: mukaipatsa wambiri nthawi imodzi, chifu chimasasa mopitirira, Fulumira n'kudwala.

Tsono taonani Fulumira wa miyendo iwiri. Foni yalira m'bandakucha, uthenga wa pa WhatsApp ukuti uje watisiya. Wameza osatafuna, watumiza ku gulu la mpingo, la banki m'khonde ndi la anzake a ku pulayimale. Dzuwa lisanakwere, amayi ayamba kale kusonkha ufa wa pamaliro, pamene malemuwo ali pamzere wa mafuta, akudabwa kuti bwanji aliyense akuwathawa. Mumfunse wotumizayo kuti wazimva kwa yani, yankho ndi limodzi: "Inenso angonditumizira."

Pali chinthu chimodzi chomwe ngakhale zifu zinayi zimachilephera. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma mbuzi zoyendayenda m'misika lamulo sizidaliwerenge. Jumbo ikalowa m'chifu, tizilombo tija timangoiyang'ana. Imakhala pomwepo, kupotana ndi inzake, mbuzi n'kumaonda uku mimba ili tantha, mpaka tsiku limene wopha mbuzi akufuna zopangira nthumbwana apeza chimtolo cha majumbo.

Komabe mbuzi tisaiweruze msanga. Iyo ili ndi chodzikanira: jumboyo inkanunkhira tchipisi.