Mvula ya m'makeni ku Bundabunda

Disembala ndi mwezi umene ife ojambula makanema patokha mu Lusaka timagwirako kangachepe. Maukwati amatsatizana, chilanga mulilo chili apa, matebeto ali apo, ndipo aliyense amafuna munthu wa kamera. Ndalama ikalowa m'thumba motero, mtima umakumbukira chimene unagulira kamerayo, chifukwa ambirife sitinaigulire maukwati. Tinaigula kuti tsiku lina tidzafotokoze nkhani zathu.

Kumapeto kwa 2023 ndinagula kope ndi kulembamo zolinga za chaka chatsopano. Ndinafuna kanema wautali, wa ola limodzi ndi theka. Kujambula kunayenera kutha mu Januwale ndi Febuluwale, dziko lili lobiriwira, ndipo pofika Ogasiti kanemayo akhale atalumikizidwa ndi kutumizidwa ku zikondwerero za makanema. Maso anga anali pa Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka momwemu, amene kanema wake I Am Not a Witch wa 2017 anamupezetsa mphotho ya BAFTA mu 2018, osewera ake akuyankhula Chinyanja ndi Chibemba. Ndinkaganiziranso za Shemu Joyah wa ku Malawi, amene anatulutsa Seasons of a Life mu 2008 dziko lake lilibe makampani akuluakulu a makanema. Ndinkati ngati iwo anatha, nanenso nditha.

Malo ndinali nawo kale m'mutu. Amalume amakhala ku Bundabunda, dera la Asoli, kupitirira Chongwe mumsewu wa Great East, kufupi ndi akasupe otentha a Chinyunyu. Nkhani yake inali ya mtsikana amene watsala ndi munda yekha bambo ake atalowera kutauni, ndipo pachimake pake pankafunika mvula yamkuntho, mtsikanayo akuthamangira kukatseka mizere kuti madzi asakokolole chimanga.

Nditafika ndi anzanga awiri ndi zikwama zathu, amalume anati tisatulutse kamera tisanakaonekere kwa a mfumu a m'mudzimo. Tinapita, tinakhala pansi, tinaomba m'manja. A mfumu anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti kanemayo adzaonera ndani. Ndinati dziko lonse.

"Nanga ife?" anatero.

Ndinalonjeza kuti ndidzabwera ndi nsalu yoyera ndi kuonetsa pabwalo pawo. Anagwedeza mutu, nati: "Mwana wanga, ino ndi nyengo ya khasu. Anthu ali pa kupalira. Ukanabwera titakolola, ukanapeza aliyense ali ndi nthawi." Ndinawathokoza, koma m'kope mwanga munalembedwa Januwale, ndipo ndinamvera kope.

Zimene ananena zinaoneka msanga. Osewera anga onse anali alimi. Kuwala kokoma kwa m'mawa, kumene wojambula aliyense amakulakalaka, kunkawapeza ali kumunda. Ankabwera dzuwa lili paliwombo, atatopa, nkhope zili phuliphuli ndi thukuta, mithunzi itakhala m'maso. Mabatire tinkakatchajitsa pa sola ya pagolosale, ndipo tinkadikira pamzere limodzi ndi mafoni a mudzi wonse. Tsiku limene ndinalilembera zigawo zambiri linkatha titajambula chimodzi.

Kenako mvula inadula. Poyamba tinkati ndi ng'amba ya masiku ochepa, monga imachitira pakati pa dzinja. Koma kumwamba kunangoti mbee, sabata ndi sabata. Chimanga chinali chitayamba kumasula ngayaye, nthawi imene chimafuna madzi kwambiri, ndipo masamba ake anayamba kupindika ndi kutuwa. Anthu ankaima m'mphepete mwa minda manja ali kumbuyo, osayankhula. Ine ndinali pomwepo ndi kamera, nditaikulunga pepala la pulasitiki, ndikudikira mvula ya m'nkhani yanga.

Ndalama zitatsala pang'ono kutha, ndinaganiza zopanga mvulayo ndekha. Ndinabwereka makeni othirira m'dimba, ndinalemba ganyu anyamata, ndinawakweza pa ngolo kuti azithira madzi kutsogolo kwa kamera. Madziwo tinkatunga pa mjigo. Mjigowo unali utayamba kale kutulutsa madzi movutikira, munthu ankapopa nthawi yaitali ndowa isanadzaze, ndipo amayi anali atandandalika zigubu zawo kuyambira m'bandakucha. Anyamata anga ankalowerera pamzere ponena kuti mlendo wa kanema ali pachangu. Tinathira, tinajambula, sizinaoneke bwino, ndinati tibwereze. Madzi ankagwera padothi lotentha ndi kuuma ife tikuona. Mtsikana wosewera uja anali chiimire, chitenje chili chonyowa, akuyang'ana kumjigo kumene amayi ake anali pamzere.

Pamenepo ambuya ena okalamba anasiya chigubu chawo nabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Sanakalipe. Anandigwira pamkono nati: "Mdzukulu wanga, madzi ukutayawa ndi a nsima ya madzulo ano." Anyamata anatsika pangolo okha. Amalume, amene anamva nkhaniyi asanafike n'kunyumba komwe, anangoti: "Mphwanga, wandichititsa manyazi pakati pa anthu amene adzandiike m'manda." Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Madzulo ake ndinapita kwa ambuyawo kukapepesa. Anandipatsa mpando, ndipo m'malo mondidzudzula anayamba kundiuza za chilala cha 1992, za chimanga chachikasu chimene chinabwera ngati thandizo, za mapira amene makolo awo ankalima chifukwa amapirira dzuwa, ndi za mmene mayi amagawira ufa wotsala kuti ana asadziwe kuti watsala pang'ono. Anandiuza kuti ngati ndikufuna nkhani, nkhani ndi imeneyi. Kamera yaikulu ndinali nditaisiya kwa amalume, batire ndikulisungira chigawo cha mawa. Ndinangotsamiritsa foni pa mtondo ndi kuwajambula mwaulemu chabe, chifukwa zimene ankanenazo m'kope mwanga munalibe.

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anali atakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anali atapserera. Gulu langa linabalalika lokha. Mnyamata amene ankasewera ngati mchimwene wa mtsikana uja analowa m'tchire kukaotcha makala ogulitsa mumsewu, ndipo mtsikanayo anamutumiza kwa azakhali ake kutauni kuti pakhomo pachepe pakamwa. Ndinabwerera ku Lusaka ndi theka la kanema.

Chilala chomwecho chinanditsatira kunyumba. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku mu Malichi, ndipo pofika Seputembala ankatha kusowa mpaka maola 21. Zonse zimene ndinajambula zinali pa hard drive imodzi. Makadi a kamera ndinali nditawafufuta kuti ndikajambulire ukwati wa pa Isitala, poti lendi inali itakwana. Usiku wina ndikusamutsa mafayilo, magetsi anazima. Atabwera, hard drive ija inkangolira kuti the, the, the, osatseguka. Wokonza makompyuta m'tauni anaimvetsera pakhutu nandiuza kuti yafa mkati, ndipo kuti oitha ali ku Johannesburg, pa mtengo woposa wa kamera yanga. Thukuta la anthu a ku Bundabunda, maola amene anaba ku minda yawo, ngakhale madzi a pa mjigo aja, zonse zinathera m'kabokosi kameneko.

Chimene chinatsala ndi ambuya aja pa foni. Chithunzi chake n'chopendekeka, nkhuku zikumveka kumbuyo, koma ndikamachionera ndimapeza zonse zimene ndinkazifuna m'kanema wanga wa ola ndi theka: munda, njala, mayi, kupirira. Chaka chimenecho nkhani yaikulu ya dziko lathu inkachitika pamaso panga, anthu ake ali okonzeka kuifotokoza, ine ndikuthira madzi kutsogolo kwa galasi. Safunsa anadya phula.

M'nyengo yozizira ndinakwera basi kubwerera kwa a mfumu, chifukwa ndinali ndi ngongole ya nsalu yoyera ija. Ndinawauza zonse. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati mawu a ambuya aja alipo. Nditavomera, anati: "Ndiye tionetse amenewo." Tinapachika nsalu pakhoma, tinabwereka batire ya sola, ndipo anthu anadzaza bwalo. Amayi ankayankhira ambuyawo ngati ali nawo pamphasa, ena ankawonjezera zimene iwo anaiwala, ndipo mkulu wina anaimirira nati nayenso ali ndi zake za 1992 zoti ndidzajambule.

Zolinga za chaka chatsopano ndimalembabe, chifukwa wojambula wopanda kampani, wopanda bwana womufunsa, akapanda kudziikira malire chaka chimatha akujambula maukwati okhaokha. Koma tsopano sindilembera pa tebulo la ku Lusaka. Ndimayamba ndakhala pansi ndi eni nkhani ndi kufunsa mwezi umene manja awo amapumula. Asoli ali ndi kalendala yawo: a kwa Mfumu Bundabunda amachita Chibwela Kumushi zokolola zitalowa m'mudzi, ndipo a kwa Nkomeshya Mukamambo II ku Chongwe amachita Chakwela Makumbi popempha mvula dzinja likamayandikira. Pakati pa kukolola ndi kubzala ndi pamene pali malo a kamera. Cholinga changa ndi kanema wamfupi wa akuluakulu a ku Bundabunda akufotokoza mmene anapulumukira zilala, wosungidwa pa ma hard drive awiri m'nyumba ziwiri, osewera ndi othandiza atalipidwa tsiku lomwelo, ndipo oyamba kuonera akhale eni ake.

Kwa anzanga amene mumagula makope mu Disembala, lembani maloto anu onse, musawachepetse. Koma pansi pa cholinga chilichonse lembaninso maina a anthu amene adzasiye khasu kuti chitheke, ndipo mupite mukawafunse musanaike tsiku.